Kulera mwana wa autism: yambani ndi thupi lake, za khalidwe zibwere pambuyo

Mwana wa autism akadzigwetsa pansi pakati pa msika, manja ali kumakutu, akukuwa, odutsa sasowa chonena. Wina ati mwamulekerera, wina ati kamkwapulo kamodzi kangamuwongole, ndipo sipalephera kukhala wina wonong'oneza mnzake kuti bambo ake anamukhwimira kuti geni iyende. Inu mayi ake mumangoganiza chimodzi: ndimutontholetse bwanji kuti anthu asiye kutiyang'ana? Ndikupemphani kuti funso limenelo mulisunge kaye, mutsogoze ili: chikumupweteka n'chiyani? Kawirikawiri chimene timachitcha mwano kapena liuma mwa ana awa chimakhala dzino lobowoka, m'mimba mouma, tulo toperewera, kapena phokoso limene kwa ife si kanthu koma iye likumubaya. N'chifukwa chake malangizowa ayamba ndi thupi, kenako malo amene mwana akukhala, ndipo kuphunzitsa kwabwera pambuyo.

Autism ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuyambira ali m'mimba, mosiyana ndi wa anthu ambiri, zimene zimakhudza mmene amalankhulirana ndi anthu ndiponso mmene amamvera zinthu zomuzungulira. Mbali yaikulu imachokera ku chibadwa, koma zimenezi zisakhale chifukwa choti akuchimuna ndi akuchikazi ayambe kulozana zala, pakuti palibe amene anasankha kapena kulakwitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse ali ndi autism, ndipo anyamata amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana. Dokotala Leo Kanner, amene anafotokoza za ana 11 otere ku Baltimore mu 1943, anaona kale kuti ena mwa iwo ankaopa kwambiri phokoso la zipangizo za m'nyumba. Komabe zinatenga mpaka 2013 kuti buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5 liike kumva phokoso, fungo kapena kukhudzidwa mopitirira kapena moperewera pa mndandanda wa zizindikiro zenizeni za autism. Makolo anali atazidziwa kalekale zimenezi.

Choyamba: gulani kope

Kope wamba la kusukulu ndi lokwanira. Kwa milungu iwiri, nthawi iliyonse imene mwana wavutika, lembani nthawi yake, malo, chimene chinachitika iye asanayambe, zimene anachita, ndi chimene chinamukhazika mtima pansi. Tsiku lililonse onjezeraninso zitatu: wadya chiyani, wagona maola angati, wachita chimbudzi kapena ayi. Mzere umodzi ukhoza kuoneka chonchi: "Lachiwiri, cha m'ma 4 madzulo, pakhonde. Aneba anayatsa wailesi. Anadzimenya kumutu. Chimbudzi sanachite kuyambira Loweruka. Anatonthola atalowa kuchipinda n'kufunda chitenje."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku oyamba muona ngati mukungotaya inki, koma pofika mlungu wachiwiri zinthu zimayamba kugwirizana: mwina mavuto amachuluka Lamulungu potuluka m'tchalitchi, mwina amadza tsiku lachitatu lopanda chimbudzi, mwina ndi nthawi imene utsi wa mbaula umalowa m'nyumba. Ngati kulemba kumakuvutani, jambulani mawu pafoni kapena mutume mkulu wake azilemba. Kavidiyo kakafupi ka zimene mwana amachita kamathandizanso kwambiri, chifukwa pamaso pa dokotala mwana akhoza kungokhala phee.

Chachiwiri: fufuzani ululu kuyambira kumutu mpaka kumapazi

Mwana amene salankhula, ngakhalenso amene amalankhula koma sadziwa kuloza pamene pakuwawa, amanena ululu ndi thupi lonse. Khalidwe likasintha mwadzidzidzi, wogona bwino n'kuyamba kuchezera usiku, amene sankadziluma n'kuyamba kudziluma, ganizirani matenda musanaganize china chilichonse.

Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, ngakhale mwanayo akuoneka kuti akusewera, popeza ena mwa ana awa saonetsa kudwala mpaka zitafika poipa. Wodzimenya mbali imodzi ya mutu, muyang'aneni khutu la mbali imeneyo ngati likutuluka mafinya kapena kununkha. M'kamwa unikani ndi tochi ya foni akamaseka kapena kuyasamula. Pakati pa zala onani mphere, kumutu zipere, kumapazi matekenya ndi minga, pamphasa nsikidzi.

Kudzimbidwa ndiye mdani wobisala, ndipo kumagwira ana a autism ambiri. Mwana akamachita chimbudzi kosakwana katatu pa mlungu, chikamatuluka chouma gwa, akamatsamira mimba pa mpando kapena kukana kudya, mukayikire kumeneko. Pali chinthu china chimene chimasokoneza makolo: kabudula kumapezeka atadetsedwa ndi chimbudzi chamadzi, inu n'kumati watsegula m'mimba, pamene chouma chatseka njira ndipo chamadzicho chikungodutsa m'mbali. Mwana wotere akufunika mankhwala ofewetsa ochokera kuchipatala. Musamupope ndi sopo kapena zitsamba. Kunyumba muonjezereni madzi akumwa, mapapaya, mango, mgaiwa, nyemba ndi masamba monga mmene angalolere, ndipo muzimukhazika pa po kwa mphindi zisanu akangotha kudya. Ana ambiri amasunga chimbudzi chifukwa choopa chimbudzi chokumba: mdima, fungo, ntchentche ndi dzenje limene sakuliona pothera. Po kapena kandowa pamalo owala kamathetsa mantha amenewa, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Makutu akayezedwe ngati akumva bwino. Mwana wosayankha poitanidwa akhoza kukhala ndi autism, vuto la kumva, kapena zonse ziwiri. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli chipatala cha makutu, ndipo ku Lilongwe amayeza ku chipatala cha makutu cha ABC (African Bible College).

Khunyu nalo limapezeka kwambiri mwa ana awa kuposa mwa ana ena: pafupifupi mmodzi mwa 10, ndipo chiwerengerochi chimakwera mwa amene amachedwanso kuphunzira. Limakonda kuyamba ali aang'ono kapena akamatha msinkhu. Si khunyu lonse logwetsa. Mwana akhoza kungouma maso kwa masekondi angapo, osayankha ngakhale mutamugwira, kenako n'kupitiriza zimene amachita. Akagwa n'kumaphupha, chotsani moto ndi zinthu zolimba pafupi, mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo onani nthawi. Zikapitirira mphindi 5, thamangirani kuchipatala. Khunyu silipatsirana, kaya kudzera m'malovu kaya mumpweya, choncho pasakhale wothawa. Mankhwala ake amagwira ntchito akamamwedwa tsiku lililonse osadumphitsa.

Poyambira ndi kusikelo kapena pachipatala chaching'ono cha kwanu, kope ndi bukhu la kuchipatala zili m'manja. Pemphani kalata yopita nayo ku chipatala cha boma kapena chachikulu, kwa dokotala wa ana ndiponso kwa a mafizo. Kumpoto, a St John of God ku Mzuzu akhala akuthandiza ana ochedwa kukula kwa zaka zambiri. Autism siyezedwa ndi magazi. Dokotala amaona mmene mwana akusewerera, amafunsa mbiri yake, ndipo ena amagwiritsa ntchito njira yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT, imene inakonzedwa konkuno ku Malawi n'kufalitsidwa mu 2010. Mzere ukhoza kukhala wautali ndipo yankho likhoza kuchedwa miyezi. Zonse zotsatirazi mukhoza kuziyamba musanalandire pepala lililonse.

Chachitatu: dziwani chimene chimamuchulukira ndi chimene chimamuperewera

Tangoganizani mutakhala m'chigayo tsiku lonse, injini ikulira, fumbi la ufa lili m'mphuno, wina n'kubwera kudzakufunsani masamu n'kumakwiya kuti simukuyankha. Umo ndi mmene kalasi ya ana 100, minibasi yodzaza kapena ukwati wa zokuzira mawu zimamvekera kwa ana ena a autism. Koma aliponso ena amene thupi lawo limamva pang'ono, ndiye amasakasaka: kudumpha, kudzigunditsa kukhoma, kununkhiza anthu, kutafuna kolala ya malaya. Mwana mmodzi yemweyo akhoza kukhala womva kwambiri m'makutu koma womva pang'ono pakhungu, ndipo tsiku limene sanagone bwino zonse zimakula.

Tsegulani tsamba latsopano m'kope muja, mulembe mbali ziwiri, zimene amathawa ndi zimene amafuna. Yendani m'munsimu chimodzichimodzi.

Makutu: mvula pamalata, mabingu, njinga zamoto, makina ometera, kulira kwa khanda, nthungululu. Maso: dzuwa la masana, babu lophethira magetsi akachepa mphamvu, anthu ambiri oyenda uku ndi uku. Mphuno: utsi, usipa wokazinga, mafuta odzola a alendo. Khungu: kachikwangwani ka kukhosi kwa malaya a pakaunjika, msoko wa sokosi, yunifolomu yatsopano yolimba, madzi ozizira, chipeso, dzanja la munthu womusisita modzidzimutsa. M'kamwa: phala la mibulu, therere loterera, nsima yozizira.

Palinso kumva kwina kutatu kumene sitikutchula kawirikawiri. Kwina kuli mkati mwa khutu, ndipo kumauza munthu ngati waima chilili, wapendekeka kapena akuzungulira. N'chifukwa chake mwana wina amazungulira osachita chizungulire pamene wina amalira akangonyamulidwa m'mwamba. Kwina kuli m'minofu ndi m'mfundo za mafupa, kumene kumauza munthu pamene pali manja ndi miyendo yake. Mwana amene kumeneku kumamuperewera amakumbatira mofinya, amaponda mwamphamvu, amathyola pensulo polemba. Kwachitatu ndi kumva za mkati mwa thupi, monga njala, ludzu, mkodzo ndi kutentha. Mwana wosamva bwino zimenezi sapempha madzi ngakhale mu Okutobala, choncho mpatseni pa nthawi yake osadikira kuti apemphe.

Kukupiza manja, kugwedezeka uku ndi uku, kung'ung'udza ndi kuyendera zala za kumapazi ndi njira zimene mwana amadzikhazikira mtima pansi. Ngati sizikumuvulaza, musiyeni. Ndimamva chisoni ndikaona mwana akumenyedwa manja chifukwa chokupiza pamaso pa alendo, pakuti akumulanda chinthu chokhacho chimene chimamuthandiza kupirira alendowo. Zofunika kusintha ndi zovulaza zokha, ndipo ngakhale izo mumazisintha pomupatsa china m'malo mwake: woluma dzanja mpatseni kansalu koyera kolimba kapena nzimbe, womenyetsa mutu muikireni pilo ndipo mufufuze ululu.

Chachinayi: konzani pakhomo, chinthu chimodzi pa nthawi

Sankhani ngodya imodzi m'nyumba ikhale yake. Sipafunika ndalama: mphasa, chitenje chopachika kuti pachite kamdima, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene amakonda kugwira, kaya zitsekerero za mabotolo, kaya kathumba ka nyemba kosokedwa bwino. Azipitako yekha akafuna, ndipo malowa asakhale operekera chilango. Abale ake adziwe kuti akalowa mmenemo sasokonezedwa.

Dulani tizikwangwani ta malaya, sokosi muzimuveka chotembenuza, yunifolomu ichapidwe kangapo asanaivale. Pometa gwiritsani ntchito sizasi pakhomo, pang'onopang'ono, ngakhale zitatenga masiku atatu. Zikhadabo wengani akatha kusamba kapena ali m'tulo. Madzi osamba akhale ofunda, ndipo pomupukuta muzitsindika thaulo mwamphamvu pang'ono, chifukwa ana ambiri amapirira kugwidwa kotsindika kuposa kusisitidwa mopepuka. Zotchinga makutu zimene amavala ogwira ntchito pamakina zimapezeka m'mahadiweya, ndipo zimathandiza kumsika, m'minibasi ndi kutchalitchi. Asazivale tsiku lonse, ndipo musamulowetse thonje mkati mwa khutu.

Kwa mwana wosakhazikika, ntchito yolemetsa minofu imathandiza ambiri, ndipo pakhomo pathu siisowa: kusinja ndi kamunsi kakang'ono, kukankha wilibala, kunyamula kachigubu ka malita awiri kuchokera kumjigo, kukolopa, kufinya zochapa, kukanda ufa wa mandasi. Katungwe womangidwa bwino pamtengo wa mango ndi wabwino kwa amene amafuna kugwedezeka, bola inu muli pafupi ndipo mumuimitse akayamba kuoneka wotumbuluka kapena wosokonezeka. Muchite zimenezi nthawi yovuta isanafike, monga asanapite kusukulu kapena asanakhale pansi kudya. Akatswiri sanagwirizane kuti njirazi zimathandiza mwana aliyense, choncho woweruza ndi kope lanu: yesani chimodzi kwa mlungu, muone ngati mizere ya mavuto yachepa. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Mabulangete olemera amene amatsatsidwa pa intaneti musawathamangire. Kafukufuku amene anachitika ku Britain n'kufalitsidwa mu 2014 anapeza kuti sanawonjezere tulo ta ana a autism, ndipo kwa mwana wamng'ono kapena wa khunyu akhoza kumubanikitsa.

Chachisanu: zikafika posefukira

Mwana wofuna switi amalira uku akukuyang'anani, ndipo mukamupatsa amatonthola. Mwana amene zamuchulukira sakuonaninso, ndipo ngakhale mutamupatsa switiyo amaitaya. Pamenepo palibe chimene angaphunzire. Ntchito yanu ndi kumuteteza mpaka zitadutsa.

Chepetsani mawu. Nenani kamodzi, motsitsa: "Ndili pano." Zimitsani wailesi, uzani oonerera apatuke, ndipo ngati n'kotheka mutengereni pamalo a phee. Chotsani mipeni, miyala ndi mbaula. Ngati amakonda kufinyidwa, mukulungeni chitenje m'mapewa kapena mumukumbatire cham'mbuyo. Ngati safuna kugwidwa, khalani pansi chapafupi. Musamugoneke chafufumimba n'kumupsinja, chifukwa akhoza kulephera kupuma. Musamumange chingwe, musamutsekere m'nyumba yekha, musamuthire madzi. Zikatha mpatseni madzi akumwa ndi nthawi yopuma. Mafunso oti "wachitiranji zimenezi" sathandiza. Lembani m'kope, ndipo muyang'ane zizindikiro zimene zinatsogola, monga kung'ung'udza kokwera, kuyendayenda kapena kugwira makutu. Tsiku lina mukaziona msanga mudzamutulutsa zisanafike patali.

Kwa odutsa, konzeranitu chiganizo chimodzi kuti musamavutike kuganiza: "Ali ndi autism, phokoso lamuchulukira, tipatseni mpata." Simukuyenera kufotokoza zoposa pamenepo.

Chachisanu ndi chimodzi: chakudya ndi tulo

Mwana wodya nsima ndi mazira basi, kapena buledi ndi tiyi basi, sakuchita matama. Mawu oti "njala ikamupweteka adya" sagwira ntchito pa ana ena a autism, amene akhoza kukhala masiku osadya mpaka kufooka. Choncho chakudya chimene amadya chisachotsedwe. Chatsopano muike pambale ina, kachidutswa kakang'ono, osamukakamiza. Lero angochiona, mawa achigwire, tsiku lina achinunkhize, kenako anyambite. Zikhoza kutenga maulendo oposa 10. Yambani ndi chofanana ndi chimene amakonda: wokonda tchipisi muyeseni mbatata yokazinga, wokonda phala losalala muthirireni nsinjiro zosefa bwino, supuni yaing'ono poyamba. Kubisa ndiwo mkati mwa mbamu ya nsima n'koopsa, chifukwa akazitulukira akhoza kusiya ndi nsima yomwe.

Pitirizani kumukweza sikelo ngakhale atapitirira zaka zisanu. Akamatsika, akamatumbuluka m'maso ndi m'manja, kapena akamadya dothi, makala ndi mapepala, kayezetseni magazi ndipo mufunse za mankhwala a njoka za m'mimba. Musamuletse mkaka kapena za tirigu chifukwa choti mwawerenga pa Facebook. Umboni woti zimenezi zimathandiza ndi wofooka, ndipo mwana wodya zinthu zitatu mukamuchotsera chimodzi mwamuika pangozi.

Ana a autism oposa theka amavutika ndi tulo. Wa zaka 3 mpaka 5 amafunika maola 10 mpaka 13 pa tsiku, wa zaka 6 mpaka 12 amafunika 9 mpaka 12. Madzulo aliwonse zinthu zizitsatana mofanana: kudya, kusamba, kutsuka mano, kanyimbo kamodzi komweko, kugona. Foni ndi TV zizime ola limodzi asanagone, ndipo tiyi ndi zakumwa za kola asamwe madzulo. Neti ndi yosakambirana chifukwa cha malungo. Ngati amadana ndi kukhudzidwa nayo, ikokeni bwino m'mbali kuti isamugwere pankhope, ndipo muzisewera naye mkati mwake masana mpaka aizolowere. Piriton kapena mankhwala ena ogonetsa musamupatse mwa nokha. Tulo tikavuta kwa milungu, kambiranani ndi dokotala, ndipo mumuuze ngati mwana amaliza mkonono kapena kudzidzimuka usiku.

Chachisanu ndi chiwiri: mpatseni njira yonenera

Mavuto ambiri amachepa mwana akapeza njira yonenera kuti "madzi", "basi" ndi "pakuwawa". Njira yopempha popereka chithunzi, yotchedwa PECS, anaiyambitsa Andy Bondy ndi Lori Frost ku Delaware mu 1985, ndipo nzeru yake mukhoza kuigwiritsa ntchito ndi katoni ndi sizasi. Jambulani kapu yake, mbale yake, po, chitseko. Akafuna madzi, wina amugwire dzanja mofatsa kuti apereke chithunzicho kwa inu, inu munene kuti "madzi" n'kumupatsa nthawi yomweyo. Ngati zithunzi sazimvetsa, yambani ndi zinthu zenizeni: kapu kutanthauza kumwa, nsapato kutanthauza ulendo. Zithunzi ndi zizindikiro za manja siziletsa mwana kuyankhula.

Mawu anu akhale ochepa. "Vala nsapato" n'kokwanira, kenako werengani chamumtima mpaka 10 musanabwereze. Musamukakamize kukuyang'anani m'maso, popeza ambiri amamva bwino akuyang'ana kumbali. Ndandanda ya tsiku ya zithunzi zinayi kapena zisanu pakhoma imachepetsa mantha a chimene chikubwera. Muzimuchenjezanso zinthu zisanasinthe, ngakhale zazing'ono monga kudutsa njira ina popita kwa agogo.

Bungwe la WHO lili ndi maphunziro a makolo a ana a zaka 2 mpaka 9 ochedwa kukula, otchedwa CST, amene amaphunzitsa kugwiritsa ntchito masewera ndi ntchito za pakhomo pothandiza mwana kulankhulana ndi anthu. Mu 2022 anayamba kupezekanso pa intaneti kwaulere.

Chachisanu ndi chitatu: ulendo wa kuchipatala, katemera ndi mankhwala

Dzulo lake sewerani zachipatala: mumugwire pamphumi, mumuyang'ane m'makutu, iyenso achite chimodzimodzi kwa inu kapena kwa chidole. Nyamulani madzi, chakudya chimene amadya ndi zotchinga makutu. Mukhale awiri, wina aime pamzere wina adikire ndi mwana panja pamthunzi. Mukalowa uzani anamwino mwaulemu: "Mwanayu ali ndi autism. Chonde muzimuuza musanamugwire, ndipo ayambe ndi zosawawa." Musamunamize kuti jakisoni sawawa. Nenani kuti awawa pang'ono kenako atha.

Katemera asadumphe. Nkhani yoti katemera wa chikuku amayambitsa autism inachokera ku lipoti la Andrew Wakefield la mu 1998, limene magazini ya The Lancet inalichotsa mu 2010, iye n'kulandidwa chilolezo cha udokotala. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019, wa ana oposa 650,000, sanapeze kugwirizana kulikonse. Chimene chimasokoneza n'choti katemera wachiwiri wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 15, nthawi yomweyo imene zizindikiro za autism zimayamba kuonekera, ndipo ana ena amasiya mawu amene anali atayamba kunena.

Palibe mankhwala, a chizungu kapena a chikuda, ochiza autism. Alipo othandiza khunyu, kudzimbidwa ndi tulo, ndipo pa ukali woopsa dokotala akhoza kulemba risperidone, amene amanenepetsa ndi kugonetsa, choncho amafunika kuwunikidwa pafupipafupi. Aliyense wolonjeza kuti mwana achira mukalipira, kaya ndi botolo, mphini kapena kumusalitsa kudya, akufuna ndalama zanu. Pemphererani mwana wanu monga mwa chikhulupiriro chanu, koma musalole kuti azunguliridwe ndi anthu omukuwira m'makutu kapena kumugwetsa pansi.

Chachisanu ndi chinayi: madzi, moto ndi msewu

Pafupifupi theka la ana a autism amayesa kuchoka pakhomo osatsanzika, ndipo ambiri amakopeka ndi madzi. Vindikirani chitsime ndi migolo, ikani loko pamwamba pa chitseko pamene safikira, tchingani pophikira. Sokererani nambala ya foni mkati mwa malaya ake. Auzeni aneba, a mfumu, ogulitsa paokala ndi anyamata a kabaza kuti akamuona yekha amuimitse mofatsa n'kukuimbirani. Akasowa, yambani kuyang'ana kumadzi: kuchitsime, kudambo, kumtsinje, kunyanja.

Mwana wosalankhula amakhalanso pangozi yochitidwa nkhanza. Samalani amene mumamusiyira, muphunzitseni mayina a ziwalo zake, ndipo akayamba kuopa munthu wina mwadzidzidzi musazitenge mopepuka. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Chakhumi: anthu ena alowemo

Bambo, ntchitoyi ndi yanunso. Tengani gawo lodziwika, kaya kumusambitsa kaya katungwe wa madzulo, likhale lanu tsiku lililonse. Agogo ndi azakhali musakangane nawo za chimene chinayambitsa. Apatseni chochita: "Agogo, akagwira makutu muzimulowetsa kuchipinda." Akaona kuti zikugwira ntchito, maganizo awo amasintha okha. Abale ake a mwanayo asasanduke olera osapuma, nawonso apatseni nthawi yawo. Inu mayi pezani munthu mmodzi wodalirika woti azikupumitsani ngakhale maola awiri pa mlungu, ndipo mukaona kuti tulo, chakudya ndi chimwemwe zakuthawani kwa milungu, kauzeni achipatala, chifukwa matenda a nkhawa ali ndi chithandizo. Bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM lingakulumikizeni ndi makolo anzanu.

Malamulo a dziko lino salola kuti mwana akanizidwe sukulu chifukwa cha ulumali. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ndipo sukulu zina zili ndi chipinda cha ana otere. Funsani a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, ku ofesi yawo ya TDC ya kwanu kuti sukulu yotere yapafupi ili kuti. Popita kukaonana ndi aphunzitsi, tengani pepala limodzi lochokera m'kope muja. Lembanipo zimene mwana amakonda, zimene zimamuchulukira, zizindikiro zoti zayamba kuvuta, chimene chimamukhazika mtima pansi, mmene amapemphera kupita kuchimbudzi, mankhwala amene amamwa, ndi chochita akagwa khunyu. Pemphani kuti azikhala kutsogolo chakumbali, kufupi ndi khomo, aziloledwa kutuluka kwa mphindi zochepa, ndipo ngati tsiku lonse lamukulira ayambe ndi maola awiri. Gwirizanani ndi aphunzitsiwo tsiku lodzakumananso pakatha mwezi, ndipo pepalalo muzilikonzanso teremu iliyonse.